Chikwapu cha Ababa Sichidulidwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Rivirivi tilipo, ndipo chifuwa cha amayi chija chinatha.

Chikwapu chachikopa chimene anatisiyira malemu ababa chinanyowa tikuwoloka mtsinje ndi ngolo ya thonje. Alamu anu anachiyanika padzuwa, chinauma gwa, mpaka kuyamba kung'aluka. Amalume akuti, "Chatha ntchito ichi, tidulepo zingwe za goli." Ine ndawayankha kuti iyayi! Ng'ombe zathu zimayenda zikamva kulira kwake, sizidikira kumenyedwa.

Tsiku lililonse ndikuchipaka mafuta a nsatsi, n'kuchipachika pamthunzi nditamangirira mwala kunsonga. Chayamba kufewa.

Chonde muwalembere amalume achisiye. Mulungu akusungeni mumgodimo. Tsiku lobwera mudzachimva chikulira musanaone n'komwe denga lathu.

Ndine mlongo wanu,
Esinati