Moto Woletsedwa Pakati pa Makalavani

Lamlungu, Ogasiti 2006

Lero thupi lili ku Croydon, mtima uli ku Dedza. Ndangobwerako kumsasa wa makalavani komwe ndinaperekeza mayi Doreen, okalamba amene ndimawasamalira. Dzulo kutayamba kuzizira ndinatola tinkhuni n'kukoleza moto panja. Bambo a m'kalavani yoyandikana nafe anatulukira msanga.

"Pepani, utsi ukutilowera, ndiponso moto ngoletsedwa pano."

Ndinauzimitsa ndi madzi a m'ketulo. Mayi Doreen anati, "Lowa mwanawe, muno muli hita."

Koma ine sindinkafuna kufunda kokha. Ndinkafuna amuna anga pambali panga, akufukula mbatata paphulusa, akundipatsa yopsa bwino. Zaka zinayi tsopano osawaona. Ndawaimbira foni kuti ndiwauze zonsezi, koma khadi yathera pa moni...