Kiyi wa Sutikesi ya Abambo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Ife kuno tilipo, ntchito yanga yosoka ikuyenda pang'onopang'ono. Amuna anu, amene munawatumiza kuno kuti aonane ndi achipatala za matenda awo a shuga, nawonso alipo, kungoti atisautsa mpaka ine ndaonda.

Mukudziwa kuti abambo sakhulupirira munthu wa m'tauni, ngakhale mwana wobereka okha. Chifikireni sutikesi yawo imakhala yokhoma, ndipo kiyi amamusinthira pobisa tsiku ndi tsiku. Sabata yatha kiyi uja anasowa. Amayi, m'nyumba munalibe mtendere! Tinatembenuza matilesi, tinakhuthula chitini changa cha mabatani, mkamwini wanu mpaka anapisa dzanja m'zinyalala. Abambo anangoima pakati pa chipinda atavala nsapato zawo zakuda zija, n'kumatilozera ndi ambulera poti tifufuze.

Ataona kuti sakupezeka, ananyamuka wapansi kukafunsa paliponse pamene anaponda dzulo lake: kwa wometa, kwa mayi wogulitsa sopo pamphambano, mpaka kokwerera basi. Anauza wometayo kuti nkhope yake ndi ya munthu wodziwapo kanthu. Pano mkamwini wanu akukametetsa kwina chifukwa cha manyazi.

Abambo anabwerako dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Povula nsapato tinangomva kachitsulo kagwa pasimenti. Kiyi! Anamubisa okha m'nsapato yakumanzere n'kuiwala, ndiye tsiku lonse amasaka wakuba, katunduyo atamuponda. Tinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke. Anati umenewo ndi umboni woti malowo ndi abwino, poti ngakhale mwini wake sanawatulukire.

Kuseka kwanga kunatha nditaona magazi pasokosi. Kiyi anali atawaboola kuphazi, koma iwo anati sakumva kalikonse, n'kudzitama kuti limenelo ndiye phazi la mwamuna. Apo ndinachita mantha, Amayi, sindikubisirani.

M'mawa mwake ndinawakokera kuchipatala. Anamwino ake ndi mayi wamfupi wosaopa imvi. Anawauza kuti atsinzine, n'kumawagunda kumapazi ndi kaulusi kolimba kuti anene akamva. Abambo anafunsa ngati ayambapo, pamene mayiyo anali atamaliza phazi lonse. Anatifotokozera kuti shuga akakhalitsa m'thupi amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu osamvanso kubaya kapena kutentha, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Chikalekereredwa chimanyeka mpaka chala kudulidwa, mwinanso mwendo. Abambo anayankha kuti mapazi awo amawasamala okha, natulutsa m'thumba lezala lawo lopalira zikang'a. Anamwino analipempha mwaulemu ngati akufuna kulisirira, n'kuliponya m'bini.

Podikira mankhwala tinakhala pabenchi ndi bambo wina woyendera ndodo ziwiri, buluku atalipinda pabondo. Anatiuza kuti zake zinayamba ndi kamsomali ka m'nsapato. Abambo anangoyang'anitsitsa buluku wopindidwayo, kenako n'kuyang'ana phazi lawo.

Musadandaule, chilondacho chikupola. Tikumapita kukatsukitsa, mankhwala akumwa, ndipo awaletsa kuyendayenda, ndiye amangokhala pafupi ndi makina anga n'kumandiphunzitsa kusoka. Anamwino akuti chikatsekeka akhoza kubwerera kumudzi.

Pempho langa ndi limodzi. Akafika, tsiku lililonse kukadawala muziwayang'ana mapazi: pansi, kuchidendene ndi pakati pa zala. Akasamba muziwapukuta bwino, madziwo mutayamba mwawayesa ndi chigongono chanu, chifukwa iwo akhoza kuphika phazi akuimba nyimbo. Nsapato muzizikutumula asanavale, mwina mupezamo ndi supuni zanu zinasowa zija. Asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo, ndipo zowotha mapazi pambaula zithe. Mukaona thuza, kufiira kapena kutupa, kuchipatala tsiku lomwelo, osamvera zoti sakumva kupweteka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mapazi a abambo anasiya kumva, ndiye chitsekocho muzitsekula ndinu.

Ndikudziwa munena kuti mapazi amenewo mwawapirira zaka zambiri ali m'nsapato, nanga lero muziwayandikiranso ndi mphuno? Pepani, Amayi, palibenso wina. Ine amandikaniza, akuti mwana wamkazi sagwira phazi la bambo ake. Kagalasi kamene ndinawapatsa kuti azidziyang'anira akumetera ndevu. Akuti woyenera kuwaona ndinu nokha, poti munawasankha mukuona.

Dzulo ndikusoka anandiuza motsitsa mawu kuti akufuna akatsike basi n'kukafika pakhomo ndi miyendo yawo iwiri, monga anafikira pokufunsirani, osati kudzakupatsani ntchito yowakankha panjinga msana wanu uli wotero. Ndinanamizira kuti ulusi wandilowa m'diso.

Musawauze kuti ndaulula: m'sutikesi muja tsopano muli magalasi a maso amene akugulirani. Akuti ndi oti muzilowetsera ulusi pasingano, koma powasankha anafunsa wogulitsa ngati munthu atawavala angaone kaminga kakang'ono kuphazi. Kiyi ndawamangirira m'khosi ndi chingwe chofiira.

Mundiperekere moni kwa azakhali, achimwene ndi alamu anga, komanso adzukulu anu onse. Mkamwini wanu akupereka moni, akuti tsitsi lake lidzakhululuka.

Tsalani bwino, Amayi. Ndikubwezerani amuna anu ndi zala zonse, inunso muzisunge choncho.

Ine mwana wanu woyamba,
Telala wanu