Inki Yofiira pa Kalata ya Lusiya

Halale,
20 Meyi 1956

Alongo anga a Lefina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chabwera msanga, ndipo chitsegulireni okushoni ndimakhalira kulemba manambala a mabelo a fodya mpaka zala kuuma. Ndikhulupirira kuti fodya wanu mwamutsitsa m'chigafa ndipo mwayamba kusankha.

Chimene ndalembera ndi Lusiya, yemwe ndinamupatsa chikole inu mukuona zaka zitatu zapitazo. Sabata yatha ndinalandira kalata yake, yoyamba kundilembera m'Chingelezi. Ndinakondwa mpaka ndinaonetsa mnzanga amene timalemba naye pa tebulo limodzi. Iyeyo ndiye anandilozera m'munsi mwa pepala: panali pochongedwa ndi inki yofiira, ndipo mawu awiri anali okonzedwa. Alongo, ku Santhe konse munthu wosunga inki yofiira ndi mmodzi yekha, mphunzitsi watsopano uja, a Lucious.

Phunziro lake ndalizindikira, poti nanenso ndinadutsamo. Ndi la timawu titatu tonenera zinthu zongochitika kumene: just, recently ndi lately. Koyamba n'ka chinthu chimene fumbi lake silinakhazikike, kachiwiri n'ka masiku apitawa, kachitatu n'ka chizolowezi chimene munthu wangochiyamba. Lusiya watiika tonse pamalo pake, sindingamunamizire. Ndi just akuti wangobwera kumene kuchokera kophunzira. Ndi recently akuti aphunzitsi agula njinga. Ndi lately akuti masiku ano saopanso kukwera pa kaliyala. Sanatchule mwini kaliyalayo, koma ku sekondale sindinapitire kukasewera.

Ndaiwerenga kanayi kufunafuna pamene pali ine. Ndapezeka pa envulopu ndi pa mzere woyamba. Timawuti n'ta zinthu zadzulodzulo, ndipo munthu amene anakwera basi pa boma la Kasungu mu 1953 sangakwanemo.

Lamulungu ndinakumana ndi Lazaro wa kwa atsibweni, amene wabwera kudzafuna ntchito. Ndinamufunsa mozungulira, ngati nkhaniyo si yanga. Anati a Lucious sanakwatire, amavala taye ngakhale Loweruka, ndipo amaphunzitsa Lusiya poyera, pansi pa mtengo wa mango, ana asukulu akaweruka. Anati palibe choipa chimene anthu aonapo. Kenaka anaseka n'kundiuza kuti aphunzitsiwo amayamikira kwambiri Chingelezi changa, kungoti ziganizo zanga zimatalika.

Apa mpamene maso anga anatseguka. Mukudziwa kuti ndine amene ndinauza Lusiya kuti mkazi wa kalaliki ayenera kudziwa Chingelezi, ndipo chaka chonsechi ndakhala ndikumulembera m'Chingelezi chokhachokha kuti achite khama. Sindinadzifunse kuti azimuwerengera ndani. Ndiye kuti zonse zimene ndinanena za maso ake, ndi za nyumba ya malata imene ndidzamange kwawo, wakhala akuzimva pakamwa pa mwamuna wina, atakhala naye mpando umodzi. Ine ndimaluma cholembera kufuna mawu okoma, wina n'kumakawatchula ndi kumuyang'ana kumaso. Akuluakulu sananame kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Sindikunena kuti Lusiya walakwa. Ndikunena kuti ndilibe njinga, ndipo ndili kutali.

Pempho langa ndi limodzi. M'envulopu muno muli kalata ina, ya m'Chichewa chathu, imene angawerenge yekha. Poyamba ndinalemba masamba anayi a Chingelezi chaukali, koma ndinang'amba nditakumbukira amene akachiwerenge. Mukamupatse m'manja inu nomwe, makamaka akakhala yekha kudimba. Ndamufunsa chinthu chimodzi: ngati akulola kuti atsibweni apite kwa malume ake msika wa fodya ukangotha, kuti ine ndibwere mu Ogasiti tidzamange ukwati. Abwana akufuna ndiwauze za tchuthi Juni asanathe.

Yankho akuuzeni pakamwa, ndipo inu ndinu mundilembere, ngakhale ndi pensulo. Akavomera, mundiuze ngati anavomera msanga. Akakana, musandizungulitse ngati mwana wodwala. Akanena kuti ayambe waganiza kaye, limenelonso ndi yankho, ndipo mundilembere momwemo.

Moni kwa amayi, koma nkhaniyi muyambe mwawabisira. Moni kwa alamu, kwa atsibweni ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Kwa makolo a Lusiya mukapereke moni wanga mwaulemu wonse, pakuti mpaka lero ndikadali mkamwini wawo woyembekezeka.

Ndine mlongo wanu,
Lameki