Netiweki ya pakhonde la apongozi

Lolemba, 19 Meyi

Ndafika ku Kachulu. Fumbi mpaka m'makutu, minibasi yonunkha matemba, koma ine chimwemwe chodzaza tsaya njira yonse. Ndine bambo! Mwana wamkazi. Anabadwa Lachisanu, ine ndili kuntchito ku Blantyre.

Kumuona ayi. Mkazi wanga Lucy atatuluka kuchipatala analowa m'chikuta, m'nyumba ya mayi ake. Mwamuna salowamo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ndangomva kulira ndili pansi pa mtengo wa mango. Mawu aakulu zedi. Wa kwathu ameneyu.

Alamu anga a Ruth, akulu ake a Lucy, andilandira ndi chipongwe chawo cha masiku onse. Ataona chikwama cha laputopu: "A Gerishomo, mwabweranso ndi kanema wanu uja? Kuno tikumweta mpunga, tionetu ngati timanja tofewato tigwire."

Apongozi atandiona anakhotera kuseri kwa nkhokwe. Inenso ndinakhotera kwanga. Chikwatirireni timathawana chonchi, ulemu wake ndi umenewo. Moni wawo unadzera mwa a Ruth, wanga unabwerera momwemo.

Lachiwiri, 20 Meyi

Lucy ananditumizira chithunzi cha mwana m'mawa. Nyumba zathu n'zoyang'anizana, koma chithunzi chafika masana, nditachita kupita kudooko kukasaka netiweki. Chinayamba kuoneka chipumi, kenako maso, n'kuima. Ndaima pakati pa anthu oyanika nsomba ndikudikira mphuno ya mwana wanga. Itatuluka, ndi yanga yeniyeni. Pepa mwanawe.

Chimwemwe chisanathe, foni ya a Bashiru, abwana athu. Pulogalamu yathu yokumbutsa amayi tsiku la sikelo yayamba misala. Amayi ena akufika kuchipatala tsiku litadutsa kale, ana kumsana, ulendo wautali, n'kubwezedwa. Ena zili bwinobwino. Gawo limenelo ndinalemba ndine.

Ndayesa pa laputopu yanga. Chilichonse chikuyenda bwino, monga mwa nthawi zonse zinthu zikamavuta. Pafunika kulowa mu seva yathu yatsopano, kompyuta yaikulu yomwe imatumiza mauthengawo. Kudooko netiweki ikubwera n'kuthawa ngati nkhuku ya eni. Ndikangolowa, yaduka. Ntchentche pa sikirini. Mkulu wina wochokera kuchilumba cha Chisi anandifunsa ngati ndikuonetsa mpira.

Lachitatu, 21 Meyi

M'mawa ku mpunga. Matuza manja onse, msana ngati si wanga. A Ruth aseka mpaka kukhala pansi m'matope. Koma thumba ndasenza ndekha mpaka kunyumba, zimenezo azinenanso.

Anandiuza kuti ndikalitule pakhonde la apongozi, eni ake ali kumjigo. Ndikutula chonchi, foni m'thumba njenjenje osaleka. Mauthenga a masiku onsewa kulowa nthawi imodzi. Kuyang'ana, netiweki yodzaza! Khondelo lili pokwera, layang'ana kuphiri la Zomba. Ndinatsika pang'ono, yatha. Ndinakweranso, yabwera. Mudzi wonse uno, malo ake n'kukhala amenewo basi.

Mkamwini kukhala pakhonde la apongozi? Chikuta chili kuseri kwa khoma lomwelo? Ndinachokapo msanga ngati ndaba.

Mwa mauthengawo munali wa a Bashiru. Sanakalipe, munthu wabwino uja. Angoti amayi sangapitirize kuyenda maulendo achabe. Zikapanda kutheka mawa, Lachisanu ndikwere minibasi yoyamba, tikakonzere ku ofesi. Akunena zoona. Ndikanakhala ine ndikananena zomwezo.

Mchombo sunagwe. Ndikapita, mwana atuluka ine kulibe. Amumeta tsitsi, anthu amunyamula, dzina ndidzachita kutchula pafoni. Kubadwa ndinaphonya kale. Mtima ukundiwawa.

Ndawauza a Ruth zonse, ndi za khonde zomwe. Kwa nthawi yoyamba sanaseke.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndilembe bwinobwino, ndisadzaiwale.

M'mawa ndikutsuka mkamwa kuseri. Apongozi atuluka, ayima pakati pa bwalo, andifulatira. Ayamba kuwaza madeya uku akulankhula ndi nkhuku, mokweza kuti ndi ku Chisi komwe amve: "Inu nkhuku inu, ine ndapita ku mpunga, kubwera ndi madzulo. Mpando uwu ndausiya pakhondepa. Ukakhala wopanda munthu udyedwa ndi chiswe."

Basi, khasu paphewa, ulendo. Munthu woti chibadwire mdzukulu sanapiteko kumunda. Khasu la chiyani pomweta mpunga, kaya.

Ndinayang'ana a Ruth. Iwo: "Mukudikira kuti nkhuku zikuitaneni?"

Ndinakhala. Poyamba kunsonga kwa mpando, ngati mlendo wodzapempha mchere. Batire ya sola pambali, laputopu pamiyendo, msana kukhoma. Kuseri kwa khomalo kamwana kakuyamwa, ndikumva ndithu kakumeza. Ndinalemba pasiwedi molakwika mpaka seva inatsala pang'ono kunditsekera kunja.

Kufufuza mpaka dzuwa pamutu, osapeza kanthu. Kenako mawu a Lucy pawindo, chinsalu chili chotseka. Nambala yake ndinaiika kalekale m'pulogalamu ngati yoyesera, ndiye mauthenga amalandira nawo. Akuti: "Bambo a mwana, kauthenga kanu kaja kadzutsa mwana tambala asanalire. Mwati tibwere mawa. Mawa lake liti, poti pakati pa usiku panali patadutsa kale?"

Ndinati andipatse foniyo. Dzanja lokha linatuluka pawindo. Ndinagwira dzanjalo kaye, foni pambuyo.

Ndi pomwepo. Mauthenga amapita madzulo pamzere, ndipo tinaika lamulo loti tsiku likatha otsala asapite. Koma wotchi ya seva yatsopano sitinaisinthe, ikuyendera nthawi ya kunja, yotsalira maola awiri. Kuno tsiku lina layamba kale, iyo ikuti likadali dzulo. A kumapeto kwa mzere amalandira "mawa" tsiku la sikelo litakwana kale, n'kupita mawa lakedi. Masiku onsewa kuvutika, kukonza kwake timizere tiwiri m'pulogalamu.

Ndinakuwa. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Lucy anandithira mawu, a Ruth anandithamangitsa ndi chipande. Sindinasangalalepo chonchi chiyambire ntchito imeneyi.

Dzuwa litapendeka ndinabweza mpando pomwe unali, ndinasesa pakhonde, n'kuchoka. Apongozi pobwera anakhosomola kaye ali kutali.

Lachisanu, 23 Meyi

Nkhuku zauzidwanso za mpando. Ndakhala, ndaona. Mauthenga onse apita pa nthawi yake. A Bashiru akuti ndikhale sabata yamawa yonse, bola foni ikhale yoyatsa.

Minibasi yoyamba ndinaimva ikuliza hutala kumsika. Ipite bwino.

Matuza aphulika. Ndiwo nsomba, makumba owamba, a Ruth andipatsa mutu, ati ndi wa anthu oganiza kwambiri. Mchombo ukadalipo. Waliuma ngati mayi ake.

Lolemba, 26 Meyi

Wagwa dzulo madzulo. Nthungululu m'nyumba, ine panja ndikuvina ndekha.

Lero m'mawa bwalo lodzaza. Azimayi a kumpingo, azakhali ake a Lucy, ena sindikuwadziwa n'komwe. Anamumeta katsitsi, anamusambitsa. Lucy anatuluka atanenepa masaya, akutsinzina ndi dzuwa, wokongola koopsa. Ine pamango paja, malaya a tchalitchi, manja ndikusowa poika.

Ndimayembekeza kuti mwana abwera ndi a Ruth. Ndikuona apongozi ndi amene amunyamula. Akubwera. Molunjika kwa ine. Miyendo yanga inayamba yokha kukhotera kunkhokwe.

"Musathawe, bambo. Tambasulani manja."

Mawu awo oyamba kwa ine. Zaka zonsezi ndimangowamva akulankhula ndi ena, sindinkadziwa kuti pafupi ndi ofewa chonchi. Ndinagwada. Anandiika mwana m'manja, n'kundikonza chigongono ndi dzanja lawo, ati mutu ndiugwire bwino si laputopu imeneyi. Bwalo lonse kuseka. Ine misozi mbwembwembwe, manyazi ndinalibe.

Wopepuka. Wofunda. Mphuno ija ndi yangadi.

Anafunsa dzina. Ndinali nditakonza kalankhulidwe kabwino, zonse zinathawa. Ndinangoti Tadala. Iwo anabwereza, akumuyang'ana, kenako anayang'ana ine m'maso: "A bambo a Tadala, nkhuku zanga zatopa kutumidwa. Mpando uja muzingokhalapo."

A Ruth akuti mwambo wake ndipereke nkhuku ndi nsalu, kuthawana kuthe bwinobwino. Ndipereka ndi mbuzi yomwe.

Ndikulemba ndili pakhonde lomwelo, dzanja limodzi, zilembo zokhota. Apongozi ali apa akupeta mpunga, akundifunsa ngati ku Blantyre timadya wabwino ngati uwu. Tadala wagona pachifuwa panga, wandinyowetsa kale malaya a tchalitchi. Foni ikunjenjemera pansi, netiweki yodzaza. Idikire. Akutsegula maso, akundiyang'ana