Ndapita kukabayitsa njerewere zija

Bambo a mwana,

Pepani, simundipeza. Anesi aimba foni kuti adokotala a khungu aja abwera lero lokha, ndiye ndathamangira kuchipatala. Akuti jakisoni wake amabaya panjerewere penipenipo, ngakhale izi za m'mbali mwa zikhadabozi. Mantha ndili nawo, koma ndatopa nazo. Dzulo mayi wina nditangoyamba kumuluka tsitsi anandiyang'ana zala, n'kuti, "Iii asisi, ndasiya mphika pamoto!" Mpaka pano sanabwerere, ndipo si woyamba.

Mkwatibwi uja akabwera musamubweze. Mumuuze kuti mng'ono wanga ndiye amuluke madzulo ano, tagwirizana kale. Mwana mukamutenge kusukulu, koma asagwire chopukutira changa chobiriwira chija, angatengere.

Lezala lanu lija ndataya. Munadula njerewere imodzi, panamera zinzake ngati bowa. Udokotala wanu wathera pomwepo.

Akuti zala zitupa masiku angapo, choncho mbale zili m'besenizo zikudikira inu. Mukamaliza mudzanditenge panjinga, chifukwa akabayanso ya kuphaziyi sinditha kuponda pansi. Mukandipeza maso ali psuu, musafunse zambiri. Tizingoti ndi fumbi.

Ine,
Amake mwana