Dzenje Lopanda Mwini

Lolemba, 12 Januwale

Manyazi lero. Alamu afika ndi galimoto yawo monga tinapanganirana, kuti akhale pafupi mpaka mlongo wawo achire. Pokhotera mumsewu wathu anaima, akukayika madzi aja a pakati pa msewu. Ine ndili pambali, ambulera m'manja, ngati wapolisi. Ndinati nkachithaphwi chabe, dutsani. Ndinapondamo m'mphepete kuti aone. Madzi olekeza m'kakolo. Galimoto inalowa pakatikati. Mphuno pansi, matako m'mwamba. Amuna a mumsewu monse kukankha mpaka pageti pathu. Chitsulo chogwira tayala lakutsogolo chathyoka.

Mphunzitsi wa jogalafe, wa digiri. Ndimakwapula ana a eni ndi mafunso a kusiyana kwa chigwa ndi chigwembe. Alamu sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, kachithaphwi kanu kali ndi njala." Bola akanakalipa.

Lachiwiri, 13 Januwale

Kusikelo ndi Adona, akazi anga. Wapansi mpaka pamsewu waukulu, kenako takisi. Kuyenda kwa bakha, kupuma pa mpanda uliwonse. Anamwino akuti mwana wakhalabe mopingasa. Matenda akangoyamba tithamange, osadikira. Anabwereza akundiyang'ana ine, ngati ndinamupingasa ndine. Malo odikirira kuchipatala adzaza. Atipatsa tsiku la opaleshoni kumapeto kwa mwezi. Mwanayo sanauzidwe.

Msewu wathu ndi wotseka kumapeto. Polowera ndi pomwe potulukira. Zaka zonsezi ndinkaukonda chifukwa cha bata lake.

Lachinayi, 15 Januwale

Mvula. Itakata ndinapita kukaona. Si kachithaphwi. Dzenje lenileni, ndipo pansi pake pakutumphuka madzi oyera. Paipi yaphulika.

Makaniki wabwera, wagona kunsi kwa galimoto, wadzuka, wati sipeya aitanitsa kutali. Mtengo wake sindilemba, pepala lingang'ambike.

Alamu akhazikika. Mpando wanga, rimoti, masilipasi anga. Akudya ngati akubwezera tayala lawo. Ndidandaule kwa yani? Wothyola galimoto ya mwini sawerenga mazira.

Loweruka, 17 Januwale

Dzulo ndinazemba kusukulu kukanena za dzenjeli kumaofesi. A misewu akuti dzenje lawo limakhala ndi phula mbali zonse. Ili lafika m'mphepete, ndiye ndi ngalande, pitani chitseko chinacho. A ngalande akuti ngalande imakumbidwa ndi anthu. Yodzikumba yokha ndi chigwembe, za kukokoloka kwa nthaka, ofesi yake ili kumapeto kwa tawuni. Kumeneko anangomva za paipi, basi nkhope kuwala: za a madzi zimenezo. A madzi akuti paipi yawo yathyoka chifukwa cha dzenje la a misewu. Aliyense waulemu, mpando kundipatsa. Ndabwerako ndi mayina ambirimbiri, wokwirira palibe.

Kuno nakonso kutchula maina. Telala wa pakona akuti ndi mbuna, inakola kale njovu yake. Alamu akuti phompho. Mayi a pagolosale akuti khwawa, poti lole ya buledi yasiya kufika. Ana akuti dziwe, akuponyamo miyala. Adona salipatsa dzina. Amangofunsa ngati takisi ingadutse.

Singadutse.

Lachiwiri, 20 Januwale

Ladya msewu wonse, mpanda uku mpanda uko. Kuya kwake m'chiuno. Lamulungu amuna tinathiramo zidutswa za njerwa ndi matumba a mchenga. Mvula ya dzulo yakokolola zonse. Chatsala ndi thabwa la telala, la oyenda pansi. Limagwedera ngakhale ndikamadutsa ine wowondane.

Adona miyendo yatupa. Anayesa kuliponda, mutu unazungulira, anabwerera. Ndinati tikakhale kaye kwa mnzanga kutsidya. Akana. Chipinda chimodzi chodzaza ana, ndiponso thabwalo awoloka bwanji? Ndinangotuluka kukaliyang'ananso dzenjelo. Ine amene ndimakhala ndi yankho ngakhale funso lisanathe.

Sipeya yafika. Ya kumanzere, chothyoka chili kumanja. Alamu aseka mpaka kutsokomola, apempha tiyi wina. Ndikanawagenda ndi rimoti. Koma chakumadzulo ndinawaona okha padzenje, ndodo m'manja, akufufuza pansi ngati wakhungu. Sankaseka.

Chikwama cha kuchipatala chili pakhomo. Ndimachilambalala ngati galu wa eni.

Lachisanu, 23 Januwale

Pabenchi ya kuchipatala.

Zinayamba dzulo masana, ndili m'kalasi. Alamu pafoni anati ndibwere koma ndisathamange. Ndinathamanga. Ndinapeza atamasula kale mpando wakumbuyo wa galimoto, ataumangirira pa mapaipi awiri achitsulo ndi malamba a m'galimoto momwemo. Adona pamwamba, thukuta, milomo ataluma. Thabwa silikanatha kutinyamula tonse. Tinatsikira m'dzenje momwemo. Alamu ndi makaniki kutsogolo, ine ndi telala kumbuyo. Alamu ankatiuza popondapo: apa polimba, apo ayi. Matope akuvula nsapato. Pakatikati phazi langa linalowa mu una umene paipi inakumba. Ndinagwada, madzi m'khosi, chitsulo paphewa. Sindinachisiye. Sindikudziwa kuti bwanji. Adona anandigwira khutu, mpaka pano likutentha. Alamu osacheuka: "Aphunzitsi, dzukani, kalasi sinathe."

Kutsidya takisi inali itaima kale. Kani alamu anapangana ndi dalaivala wake sabata yatha kuti azikhala pafupi. Osandiuza. Akuti ndikanayamba kufotokoza.

Opaleshoni. Benchi, khoma, benchi. Alamu anasiya nthabwala, ndipo apo mpamene ndinaopa zenizeni.

Mtsikana. Wamng'ono, ali m'kabokosi kagalasi, kapaipi pamphuno. Adona agona. Nsapato imodzi ndilibe.

Lachinayi, 29 Januwale

Mwana wayamwa. Kapaipi achotsa. Akuti mawa atuluka onse awiri. Adona chilonda chidakali chachiwisi, sangaponde thabwa, sangatsike matope.

A madzi anabwera, anajambula, anazika kambendera kofiira, napita. Sindikudziwa kuti analilemba dzina liti.

Alamu anyamuka lero. Kuntchito kwawo ayamba kuwaopseza. Galimoto yakonzeka, ikulira bwino, koma ili mbali ino ya dzenje. Yatsala pageti. Masilipasi anga awasiya pakhomo, atawatsuka.

Ndinawanyamulira chikwama mpaka pathabwa. Ndinali nditakonza mawu othokoza, aatali, a digiri. Ndinangowapatsa chikwama chawo. Iwo anawoloka, natembenuka. "Mpando uja musaubwezere m'galimoto. Mawa muwolotsa awiri. Pezani munthu wa mbali yanga, wamtali ngati ine, apo ayi upendekeka."

Anakwera basi. Nyumba zii. Palibe wopempha tiyi. Mitambo yayamba kuda kum'mawa.

Telala ndi wamfupi. Makaniki ali kale ndi mbali yake. Mumsewu muno wamtali ngati iwo ndi ndani?