Kompyuta inakana jakisoni wa alamu anu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Ife kuno ku Santhe tilipo, ngakhale sabata yatha tinaona zoopsa.

Alamu anu anadzitema mwendo podula mitengo ya chigafa cha fodya, bala n'kutukusira. Pothamangira kuchipatala, buku lawo lolembamo matenda tinaliiwala. Namwino atakonza kale jakisoni, analemba dzina lawo pa kompyuta, ndipo inalira. Iye anati, "Bambo, mankhwala awa anakutupitsani thupi chaka chatha. Ndikanakubayani, zikanavuta." Anawapatsa mankhwala ena.

Nditamuimbira mwana wathu Tadala ku Lilongwe kumufotokozera, anaseka. "Amayi, pulogalamuyo ndi ya kampani yathu. Mbali yochenjezayo ndinalemba ndine."

Paja bambo ake ankati kugogoda makina si ntchito, bola unamwino. Lamulungu lapitali anaimirira ndi ndodo m'tchalitchi n'kunena kuti, "Mwana wanga sagwira jakisoni, koma wandipulumutsa ali kutali."

Makuponi a feteleza tikudikirabe, mutipempherere. Chonde muimbireni Tadalayo mumuyamikire, poti pamene tonse tinkamukayikira, amene munamuikira kumbuyo ndinu nokha.

Ambuye akusungeni kufikira tidzaonane.

Ine mlongo wanu,
Nabanda